Tinagogoda pa Makomo Anayi: Mmene Tinagulira Nyumba ya Lendi ku Zvishavane

 Ife ndife amayi 12 a nthambi ya ku Zvishavane. Ambiri mwa ife timagulitsa pamsika ku Mandava: kaunjika, matemba, tomato, mapoto ndi mabulangete amene timakapikula ku Musina. Atsogoleri anatipempha kuti pa chikondwerero chino tifotokoze mmene tinagulira nyumba ya lendi ndi ngongole ya kubanki. Tifotokoza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, chifukwa tikabisa pamene tinapunthwa, inunso mudzapunthwa pomwepo.

Kuti mumvetse chifukwa chake tinalimbikira nyumba osati minibasi kapena chigayo, tiyambire kwa makolo athu. Agogo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Chipata ndi ku Tete. Ena anabwera wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Anakumba asibesitosi ku Shabanie, golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, kromu ku Shurugwi, ena anasungunula chitsulo ku ZISCO ku Redcliff. Kumudzi anayamba kuwatchula kuti matchona, kuno ankawatchula kuti maBhurandaya. Ife tinabadwira m'makomboni a mgodi, ku Maglas, ku Kandodo, ku Torwood. Nyumba imene tinakuliramo tinkaitcha kwathu, koma inali ya kampani. Pamene ZISCO inasiya kupanga chitsulo mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie nawo unaima, anzathu a Chishona anali ndi kumudzi kokalima. Ife tinalibe. Tinaona amayi athu atakalamba akudikira tsiku limene adzauzidwe kuti atuluke. N'chifukwa chake titakhala pansi mu 2021 tinagwirizana kuti ndalama za mukando wathu zigule chinthu chimene sichingasamuke ndiponso chokhala ndi dzina lathu papepala.

Panalinso chifukwa china. Ndalama za kuno zatiluma kawiri. Mu 2008 munthu ankapita kukagula buledi ndi chikwama cha ndalama. Mu February 2019 lamulo linasintha madola a ku America amene anali m'maakaunti kukhala madola a RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo pasanathe chaka mphamvu yake inali itasungunuka. Azichemwali a ku Malawi, inu mukudziwa zimenezi, chifukwa mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yosunga imatha ukuiyang'ana. Njerwa sizitero.

Tinkasonkha $40 aliyense pamwezi. Pa zaka zitatu zinakwana $17,280, ndipo pophatikiza chiwongoladzanja cha ngongole zimene tinkabwereketsana tokhatokha tinafika pa $20,000. Nyumba za zipinda zisanu ndi chimodzi m'malokeshoni a kwathu zinali pamwamba pa $30,000. Kudikira zaka zina zitatu kunali kovuta chifukwa mitengo imakwera. Ku Zvishavane anthu ofuna chipinda ndi ambiri: ogwira ntchito ku Mimosa ndi ku Murowa, makorokoza, ndi ana a sukulu a ku Midlands State University, imene inatsegula nthambi yake m'tauni mwathu. Choncho tinati tikabwereke.

Apa m'pamene panabuka mkangano woyamba. Amayi ena akuluakulu anati, “Ana inu, mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani banki imodzi, muikhulupirire.” Msungichuma wathu anayankha kuti, “Amayi, tikamakapikula mabulangete ku Musina, kodi timagula pa shopu yoyamba? Timazungulira tauni yonse kufunsa mitengo. Nanga ngongole ya zaka zisanu tiigule osafunsa mtengo?” Tinagwirizana kuti kufunsa tifunsa pa makomo ambiri, koma kusayina tidzasayina pa khomo limodzi. Mayina a mabungwewo sititchula, chifukwa zimene anatiuza ife chaka chimenecho si zimene angakuuzeni inu lero. Tingoti khomo loyamba, lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi.

Tisanafike n'komwe pa nkhani ya chiwongoladzanja, makomo onse anatifunsa mafunso ofanana, ndipo mayankho tinalibe. Funso loyamba linali lakuti, “Kodi inu ndinu ndani?” Tinati ndife gulu la amayi. Anati gulu losalembetsa silingasayine ngongole, silingakhale ndi nyumba. Njira zinali ziwiri: kulemba nyumba m'dzina la mmodzi kapena awiri mwa ife, kapena kulembetsa gululo. Kulemba m'dzina la munthu mmodzi tinakana, osati chifukwa chosakhulupirirana, koma chifukwa imfa siuza. Mayiyo atamwalira, achibale ake angabwere ndi kalata ya nyumba m'manja, ife n'kutsala ndi kabuku ka mukando. Tinalembetsa kampani yaing'ono imene kuno amaitcha PBC, ndipo aliyense analembedwa gawo lake. Polembetsapo tinapeza kuti awiri mwa ife anali adakali ndi zitupa zakale zowalemba kuti ndi alendo, ngakhale anabadwira pa chipatala cha mgodi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC, ndipo iye anali akukhala konkuno pa nthawiyo, ndi nzika. Anapita kukasintha zitupazo. Ngati pakati panu pali amene sanasinthe, musadikire tsiku limene mudzachifune mwachangu.

Funso lachiwiri linali lakuti, “Peyisilipi ili kuti?” Wamalonda wa pamsika alibe peyisilipi. Ndalama zathu zimayenda m'manja ndi m'chitenje. Kalaliki wina anatiuza mosapsatira kuti ndalama imene sinadutse mu akaunti, banki siidziwa. Zinatipweteka, koma anali kunena zoona. Kuyambira pakati pa 2023 tinatsegula akaunti ya nostro, ija yosunga madola a ku America, ndipo zosonkha zonse tinayamba kuziika mmenemo tsiku limodzi mwezi ndi mwezi. Mlembi wathu anasonkhanitsa malisiti a khonsolo a malo athu a pamsika, malisiti a msonkho wa pa Beitbridge, ndi mabuku a mukando kuyambira 2021. Pofika kumayambiriro kwa 2024 tinali ndi fayilo yonenepa. Tinaijambula makope anayi, khomo lililonse kope yake.

Tsopano timve za kupunthwa koyamba. Tinapeza nyumba yabwino, ya mpanda, madzi ali pompo, mtengo wofikirika. Mwini wake anatisonyeza mapepala a khonsolo okhala ndi dzina lake. Chifukwa cha chimwemwe tinathamanga kukalipira $250 ku khomo loyamba kuti atumize munthu wodziwa kuyeza mtengo wa nyumba. Munthuyo anabwera, anayeza, anajambula. Patatha milungu iwiri anatiitana n'kutiuza kuti nyumbayo ilibe taitolo didi, ili pa seshoni. Tanthauzo lake ndi lakuti dzina la mwini nyumba lili m'mabuku a khonsolo, koma malowo sanalembedwe m'dzina lake ku ofesi ya ma didi, imene ili ku Harare ndi ku Bulawayo. Banki imafuna kulemba chikole chake pa didi, ndiye popanda didi palibe pogwira. Nyumba zambiri za m'malokeshoni ndi zimene zinali za migodi zili choncho. $250 yathu sinabwerere. Pa ulendo wobwerera kuchokera ku Gweru, potsika phiri la Boterekwa, m'kombimo munalibe woyankhula. Safunsa anadya phula. Kuchokera tsiku limenelo, nyumba iliyonse imene tinaiona, funso loyamba linali la didi, ndipo tinkatenga nambala yake kupita nayo kwa loya kuti akafufuze ngati dzina lili lolondola ndiponso ngati palibe ngongole ina imene inagwira kale nyumbayo.

Azichemwali a ku Kwekwe, inu muwonjezere funso lina: pansi pa nyumbayo pali chiyani? Mukukumbukira kuti mu March 2023 kalasi ya pa sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix inatitimira mu ngalande za okumba golide, ana ali mkati. Woyeza nyumba amayang'ana zimenezo, a inshuwalansi nawonso. Inunso yang'anani musanalipire kalikonse.

Nyumba yachiwiri inali ndi didi. Mtengo tinamvana $32,000. Tinawerengera kuti pa $20,000 yathu, $17,000 ipite kwa mwini nyumba, $3,000 itsale ya loya wosintha dzina, msonkho wa sitampa, kulembetsa chikole, kuyeza nyumba ndi inshuwalansi. Ambiri amaiwala ndalama za pambalizi, n'kukazingwa pamene asayina kale. Choncho ngongole imene tinkafuna inali $15,000. Ulendo uno tinaphunzira. Pa khomo lililonse tinati, “Tisanalipire chindapusa chilichonse, mutilembere papepala: chiwongoladzanja ndi chingati, zaka zingati, tizibweza zingati pamwezi, ndipo pomaliza tidzakhala titabweza zingati zonse pamodzi.”

Kupunthwa kwachiwiri kunachokera m'nyumba mwathu momwe, ndipo mnzathu amene nkhaniyi ikumukhudza watilola kuti tiinene. Kuyambira 2017 Reserve Bank of Zimbabwe ili ndi kaundula wa anthu angongole, ndipo mabanki ndi mabungwe obwereketsa amayang'anamo. Popeza tonse tinali eni kampani, anafufuza mayina athu tonse 12. Makomo awiri anatiimbira sabata imodzi, mawu ake amodzimodzi: mmodzi wa inu ali ndi ngongole imene sakubweza. Zinali $300 zimene mnzathuyo anabwereka pa maliro a mchimwene wake, ndipo manyazi anamuletsa kutiuza. Pa msonkhano wa tsiku limenelo panali mawu olemera. Ena anati achoke. Koma amayi aja a mapanga awiri anaimirira n'kunena kuti, “Gulu ili tinaliyambitsa kuti munthu asamakabwereke kwa akatapila pa maliro. Ngati mwana uyu anaopa kutiuza, mlandu ndi wathunso.” Tinamubwereka kuchokera ku thumba la zadzidzidzi, anakabweza, anatenga kalata yosonyeza kuti wamaliza, ndipo tinaipereka ku makomo onse. Zinatichedwetsa mwezi wathunthu. Mwini nyumba anayamba kunena zoti pali wina wa kashi. Phunziro lake ndi ili: musanapite kubanki, khalani pansi chitseko chotseka, aliyense anene ngongole zake zonse, ngakhale ya foni. Chimene mungabisirane, kompyuta idzachiulula pamaso pa alendo.

Mayankho atabwera anali otere. Khomo loyamba linakana. Anati ngongole za nyumba amapereka kwa anthu a malipiro a pamwezi okha, ndiponso nyumba yoti mwini wake azikhalamo, osati ya lendi. Tinawathokoza chifukwa sanatizungulitse. Khomo lachiwiri linali bungwe la ngongole zing'onozing'ono. Iwo anavomera msanga, anati ndalama zituluka m'sabata yomweyo, chiwongoladzanja 5 peresenti. Ena mwa ife anaomba m'manja. Msungichuma anafunsa kuti, “5 peresenti pachaka?” Anati ayi, pamwezi. Pa $15,000 ndiye kuti $750 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo osaikhudza n'komwe. Lendi ya nyumba yonse tinkayembekezera $420, zipinda zisanu ndi chimodzi pa $70 chilichonse. Ngongole yotere ndi yopikulira katundu amene ugulitse m'milungu iwiri, si yogulira nyumba.

Anatsala makomo awiri. Lachitatu linati 12 peresenti pachaka kwa zaka zisanu. Lachinayi linati 15 peresenti pachaka kwa zaka zisanu. Mwana wa Sitandade 3 angakuuzeni kuti 12 ndi yochepa kuposa 15, ndipo ifenso tinatsala pang'ono kuthamangira komweko. Chinatipulumutsa ndi funso lija la zonse pamodzi. Ku khomo lachitatu chiwongoladzanja ankachiwerengera pa $15,000 yonse chaka chilichonse, ngakhale utabweza kale theka. Ndiye kuti $1,800 pachaka, zaka zisanu $9,000, zonse pamodzi $24,000, pamwezi $400. Ku khomo lachinayi ankawerengera pa ndalama yotsala yokha, ndipo ngongole ikamachepa chiwongoladzanja chimachepanso. Pamwezi zinali $357, zonse pamodzi pafupifupi $21,400. Taonani, 15 inali yotsika mtengo kuposa 12 ndi ndalama pafupifupi $2,600. Azichemwali, peresenti imene ili pa chikwangwani si mtengo. Mtengo ndi ndalama imene idzatuluke m'thumba mwanu kufikira tsiku lomaliza.

Kalaliki wa ku khomo lachinayi anatifunsa ngati tinapemphanso kwina. Ena anatitsina kuti tikane. Tinanena zoona, ndipo tinamusonyeza kalata ya ku khomo lachitatu. Anaseka, anati akanadziwabe. Kalata imeneyo inatithandiza kunenerera, monga timachitira pamsika. Chiwongoladzanja sanatsitse, koma chindapusa chotsegulira ngongole anachichotsa pa 3 peresenti kufika pa 2, ndiye kuti $450 inakhala $300. Anavomeranso kulemba kuti tikapeza ndalama n'kubweza msanga, sadzatilipiritsa chilango. Tikanakhala ndi khomo limodzi lokha, tikanalankhula ndi mphamvu yanji?

Tili mkati modikira mapepala, pa 5 April 2024 boma linalengeza ndalama yatsopano ya ZiG. Mitima inakwera m'mwamba. Tinakumbukira 2019. Tinabwerera kukafunsa kuti ngongoleyi ili m'ndalama iti, tizibweza m'ndalama iti, nanga lamulo likasintha zidzatha bwanji. Tinapempha loya wathu, osati wa banki kapena wa mwini nyumba, kuti atiwerengere ndime imeneyo m'Chishona chomveka. Ngongole yathu ndi ya madola a ku America, ndipo alendi athu amalipira madola omwewo. Lamulo lathu ndi limeneli: bwerekani m'ndalama imene mumalandira. M'September chaka chomwecho ZiG inatsitsidwa mphamvu ndi zoposa 40 peresenti. Munthu wolandira ZiG koma wobweza madola anagona ndi ngongole imodzi, n'kudzuka ndi yokulirapo. Tinamvetsanso chifukwa chake palibe anatipatsa zaka khumi kapena makumi awiri monga timamvera za ku Joni. Lamulo limene linalipo mu 2024 linkalola madola a ku America mpaka kumapeto kwa 2030, ndipo obwereketsa sankafuna kuwoloka chaka chimenecho. Ngongole yathu idzatha mu 2029.

Tinasayina pa khomo lachinayi, ndipo tsiku lomwelo tinalembera makomo enawo kuwauza kuti zikomo, tapeza. Musamasiye pempho lili lotsegula, chifukwa mawa mudzawafunanso anthu omwewo. Tinadikirabe kuti mwini nyumba amalize za msonkho ku ZIMRA ndi ngongole zake za madzi ku khonsolo, chifukwa popanda makalata awiriwo dzina silisintha. Ndalama sitinampatse m'manja. Zinakhala kwa loya mpaka didi inatuluka m'dzina la kampani yathu.

Tsopano musaganize kuti tikudya nyama tsiku lililonse. Pa $420 ya lendi, $357 imapita kubanki. Yotsalayo imathera ku khonsolo, ku inshuwalansi, ndi ku mpope umene suleka kudontha. Walira mvula walira matope. Zipinda zitatu tinaika ana a sukulu, ndipo pa holide yaitali anapita kwawo, zipinda n'kukhala zopanda anthu miyezi iwiri. Lendi inatsika kufika pa $210, koma banki sidziwa holide. Aliyense anasonkha $15 yoonjezera pamwezi kuti tikwanitse. Panopa tikusakaniza alendi, ena a sukulu, ena a ntchito, kuti mgodi ukachepetsa anthu kapena sukulu ikatseka, nyumba isakhale yopanda kanthu. Ife ana a Shabanie tikudziwa kuti mgodi umatha kutseka. Mpaka lero palibe amene wagawana ndi senti imodzi, koma sitinaphonye mwezi ngakhale umodzi, ndipo mwezi uliwonse kachigawo ka nyumba ija kamachoka m'manja mwa banki kubwera m'manja mwathu.

Tinalembanso malamulo atatu amene tikupempha nthambi iliyonse yofuna kutsata njirayi kuti iwaganizire. Wofuna kutuluka sagulitsa gawo lake kwa munthu wakunja, gulu limamubwezera pang'onopang'ono. Aliyense analemba dzina la amene adzatenge gawo lake akadzamwalira, ndipo anauza a kunyumba kwake. Lendi salandira munthu m'manja, imalowa mu akaunti, ndipo sitetimenti imawerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse.

Azichemwali a banki mkhonde ku Malawi, a chilimba ku Zambia, a xitique ku Mozambique, a stokvel ku Joni, malamulo a malo ndi a mabanki kwanuko ndi osiyana ndi a kuno, ndipo mukafunse kwa odziwa a kwanuko. Koma mafunso ndi omwewa. Kodi nyumbayi ili ndi kalata imene banki ingaigwire? Kodi tonse ndife oyera m'kaundula wa ngongole? Kodi zonse pamodzi tidzabweza zingati, m'ndalama iti? Kodi nyumba ikakhala yopanda alendi miyezi iwiri, tidzabweza ndi chiyani? Ngati funso lomalizali lilibe yankho, dikirani, pitirizani kusonkha. Kusabwereka si uchitsiru.

Tsiku limene tinalandira makiyi tinatenga amayi aja a mapanga awiri kuti akatsegule chitseko. Iwo anabadwira ku Maglas, akhala m'nyumba ya kampani moyo wawo wonse. Anagwiragwira khoma n'kufunsa kuti, “Ndiye palibe kapitawo amene angabwere kudzatiuza kuti tituluke?” Tinati, “Palibe, amayi, bola tizibweza pa tsiku lake.” Anati, “Ndiye muzibweza, ana inu.”

Amayi wapampando, fayilo yathu tabwera nayo, pamodzi ndi makalata a makomo onse anayi. Nthambi iliyonse yofuna kuona, itipeze pa nthawi ya chakudya, tiwerengere limodzi. Tikuthokoza gulu lonse chifukwa chotiphunzitsa kusunga ndi kulemba.